Galu wolira tsiku lonse eni ake akachoka: yankho kwa mayi a ku Matawale

Mayi ena a ku Matawale kuno ku Zomba andilembera imelo yodandaula za galu wawo wa miyezi 10. Akuti galuyo anakula akusewera ndi mwana wa mchemwali wawo, koma chipitire mwanayo kusukulu yogonera konko, pakhomo sipakhalanso munthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Oyandikana nawo nyumba akudandaula kuti galuyo amalira kosalekeza, ndipo mayiwo akaweruka kuntchito amapeza chitseko cha kukhitchini chitakandidwa, zovala zitagwetsedwa pachingwe. Akufunsa ngati kuli bwino kumukwapula, kumutsekera m'khola, kapena kumupezera galu mnzake.

Mayi, musanachite chilichonse mwa zitatuzi, yambani mwadziwa chimene chikumuvuta galuyo, chifukwa pali mavuto awiri amene amaoneka ofanana koma mankhwala ake ndi osiyana. Pali galu wosowa chochita, ndipo pali galu wogwidwa ndi nkhawa chifukwa chosiyidwa yekha. Tsiku lina pochoka, musiye foni pawindo ikujambula malo amene iye amakhala. Galu wankhawa amayamba kuvutika mkati mwa mphindi 30 zoyambirira: amayendayenda osakhazikika, amapuma wefuwefu ngakhale kukuzizira, amachucha dovu, amalira, amakanda pamalo pamene mwatulukira, ndipo chakudya chimene mwamusiyira sachikhudza mpaka mutabwerako. Wosowa chochita amadya bwinobwino, amagona, kenaka akadzuka ndi pamene amafunafuna chotafuna kapena pokumba. Kwa ine, chitseko chokandidwacho chikuloza ku nkhawa, pomwe zovala za pachingwezo ndi masewera a galu wamng'ono amene mphamvu zamuchulukira, choncho n'kutheka kuti wanu ali ndi zonse ziwiri.

Chikwapu chisiyeni. Galu sangagwirizanitse chilango cha 5 koloko madzulo ndi chitseko chimene anakanda 8 koloko m'mawa, ndipo mukamuona akugwetsa makutu ndi kupanira mchira pakati pa miyendo, sikuti akuvomera kulakwa, koma waphunzira kuti kubwera kwanu kumadza ndi ululu. Mukatero mwamuwonjezera mantha ena pamwamba pa amene anali nawo kale.

Za khola ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ambiri kuno timatsekera galu usana wonse m'kakhola ka malata, ati kuti usiku akhale wolusa. Galu wankhawa akatsekeredwa chotero amaluma matabwa ndi mawaya mpaka kuthyola mano kapena kung'ambika zikhadabo, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaswa mtengo, pansi pa malata pamatentha moti galu akhoza kufa. Ngati pakhomo pali mpanda wabwino, msiyeni aziyenda momasuka, pakhale mthunzi wa tsiku lonse ndi madzi m'beseni lolemera loti sangaligubuduze. Mlonda wabwino ndi galu wodekha amene amauwa pakabwera mlendo, osati wouwa tsiku lonse mpaka anthu kusiya kumulabadira.

Nkhawa imachepa pomuzoloweza pang'onopang'ono, ndipo ntchitoyi imafuna kuleza mtima kwa masabata angapo. Galu amadziwa kuti mukuchoka akangomva makiyi kapena kuona mukuvala nsapato za kuntchito, choncho Loweruka ndi Lamulungu muzinyamula makiyiwo, kuvala nsapatozo, kenaka n'kukhala pansi osapita kulikonse. Zimenezi zikasiya kumudzidzimutsa, tulukani pageti kwa masekondi ochepa n'kubwerera asanayambe kulira, kenaka mphindi imodzi, mphindi 5, mphindi 15, ndipo akayambanso kuvutika bwererani ku nthawi yaifupi imene anaikwanitsa. Pochoka ndi pofika musachite phokoso lomutsanzika kapena lomulonjera. Chovuta n'chakuti masiku a ntchito amagwetsa zimene mwamanga kumapeto kwa sabata. Bungwe la RSPCA la ku Britain, loona za chisamaliro cha nyama, limalangiza kuti galu asamasiyidwe yekha kupitirira maola 4, ndipo ngakhale ambiri a ife sitingakwanitse zimenezo, mutha kupempha woyandikana naye nyumba kapena mnyamata wosamalira pakhomo kuti azimuzonda masana.

Kusowa chochita n'kosavuta kuthana nako. Muziyenda naye pachingwe kwa mphindi 30 musananyamuke, ndipo muzimulola kununkhiza m'mbali mwa msewu mmene akufunira, chifukwa kununkhiza kumamutopetsa mutu kuposa kuthamanga. Koma onetsetsani kaye kuti anabayidwa katemera wa chiwewe, popeza panjira adzakumana ndi agalu ongoyendayenda. M'malo momupatsa chakudya chonse m'mbale, mwazani matemba kapena tizidutswa ta nsima pakapinga ndi kuseri kwa miphika ya maluwa kuti azisakasaka yekha. Musiyireni chingwe chokhuthala chomanga mfundo choti azitafuna, ndipo muzisinthasintha zoseweretsa kuti asatope nazo. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kubaya m'matumbo, ndipo chitsononkho cha chimanga chimatseka matumbo akachimeza, choncho ziwirizi musamusiyire.

Galu wachiwiri amathandiza wosowa chochita, koma wankhawa nthawi zambiri amapitiriza kulira chifukwa amene akumusowa ndi munthu, ndipo mutha kudzapezeka mukudyetsa agalu awiri olira. Ngati pakatha mwezi mukuphunzitsa simukuona kusintha, kapena galuyo wayamba kudzivulaza ndi kuwonda, pitani naye kwa dokotala wa ziweto kuti amuyeze ngati alibe matenda ena. Alipo mankhwala ochepetsa nkhawa, monga fluoxetine ndi clomipramine, amene amaperekedwa kwa agalu limodzi ndi maphunziro aja, koma mlingo wake ayenera kutchula ndi dokotalayo, osati kumupatsa mapiritsi a anthu amene muli nawo m'nyumba.