Yankho: Sosholoje Ungaiphunzire Kuti?

Achimwene, mwafunsa ngati mwana wanu angaphunzire sosholoje, maphunziro a momwe anthu amakhalira limodzi, konkuno ku Blantyre. MUBAS, ija tinkaitcha Poly mpaka 2021, kwenikweni ndi ya zauinjiniya ndi zamalonda. Sosholoje kwawo ndi ku Zomba, ku University of Malawi. Digiri ndi zaka zinayi, koma pa MSCE pafunika makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo amalembetsa kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede.

Mumuuze asamathawe masamu. Ambiri amaganiza kuti ndi kuwerenga mabuku a Durkheim ndi Weber, akatswiri akale a sosholoje, basi, kenako n'kudzakumana ndi statistics. Chaka chomaliza wophunzira amachita kafukufuku wakewake. Mphwanga anatha mwezi ku Ndirande, kope m'manja, akufunsa amayi ogulitsa makala momwe amayendetsera chipereganyu. Pano akuganiza za masters.