Ndani amatsimikiza kuti kompyuta yoyendetsa ndege siidzalakwitsa?

Mmodzi mwa owerenga, amene akuphunzira zauinjiniya, wanditumizira imelo yofunsa kuti: "N'chifukwa chiyani ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana amagwirira ntchito limodzi potsimikiza kuti makina oyendetsedwa ndi kompyuta ndi otetezeka, chikhalirecho kampani yopanga makinawo imawayesa isanawagulitse?"

Zikomo chifukwa cha funsoli. Kuyesa kumangosonyeza zimene zachitika pa nthawi imene mwayesayo basi. Pulogalamu yoyendetsa ndege, sitima yapamtunda kapena pampu yoperekera mankhwala kwa wodwala imakumana ndi mphepo, kutentha, liwiro ndiponso masensa (tizipangizo toyeza zinthu n'kuuza kompyuta) opereka uthenga wolakwika, ndipo zinthu zimenezi zimaphatikizana m'njira zochuluka kwambiri moti palibe kampani imene ingaziyese zonse. N'chifukwa chake ofufuza amafuna umboni wa masamu wosonyeza kuti vuto lakutilakuti silingachitike, zivute zitani.

Umboni wotere ndi wolemetsa, ndipo sikawirikawiri kuti luso lonse lofunika lipezeke m'dziko limodzi. Taonani nkhani ya seL4, kapulogalamu komwe kamakhala pamtima pa kompyuta n'kumalekanitsa mapulogalamu ena kuti asasokonezane. M'chaka cha 2009, ofufuza a bungwe la NICTA ku Australia anamaliza kutsimikiza kuti mizere pafupifupi 8,700 ya kapulogalamuka imachitadi zimene inalembedwera, koma umboni wakewo unafika mizere pafupifupi 200,000. Chida chimene chinaunika umboniwo, Isabelle, chinapangidwa ku Cambridge, ku England, ndi ku Munich, ku Germany. Pambuyo pake bungwe la DARPA, loona za kafukufuku wa asilikali ku America, linagwiritsa ntchito seL4 pa helikopita ya Boeing yotchedwa Unmanned Little Bird, ndipo akatswiri amene anapatsidwa ntchito yoyesa kulowa m'kompyuta yake mwakuba analephera kulanda chiwongolero chake, ngakhale analoledwa kulowa m'mbali ina ya kompyutayo. Palinso chida cha UPPAAL, choona ngati makina akuchita zinthu pa nthawi yake, chomwe dzina lake lenilenilo ndi chiphatikizo cha mayina a mayunivesite amene anachipanga, Uppsala ya ku Sweden ndi Aalborg ya ku Denmark.

Komabe ine ndimaona kuti chifukwa chachikulu si kugawana ntchito ayi, koma kufunika kwa diso la mlendo. Masamu amangotsimikiza zimene mwawauza, ndipo ngati mwaganiza molakwika kuti sensa siinama kapena kuti woyendetsa adzachitapo kanthu m'masekondi ochepa, umboni ukhoza kukhala wolondola pamene makinawo ndi oopsa. Ndege ziwiri za Boeing 737 MAX zimene zinagwa ku Indonesia mu 2018 ndi ku Ethiopia mu 2019, n'kupha anthu 346, zinali ndi pulogalamu ya MCAS yomwe inkadalira sensa imodzi yokha potsitsa mphuno ya ndege. Cholakwika chachikulu chinali m'malingaliro amene opanga ndi ovomereza a dziko limodzi, la America, anagwirizana. Ndege zonse za mtunduwu zinaletsedwa kuuluka, ndipo bungwe la FAA, loyang'anira zandege ku America, litazilola kuulukanso mu Novembala 2020, anzawo a ku Ulaya a EASA sanangovomera, koma anamaliza kaye kuunika kwawokwawo ndipo anapereka chilolezo mu Januwale 2021.