Asiyeni alire amuna anuwo

Achemwali, inu amene mwalemba mugulu lino kuti amuna anu anadzuka n'kutuluka akulira mukuonera filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, musawafunsenso kuti chinawatulutsa panja n'chiyani. Ndipo inu amene mwadzaza ma kkkk pansipa ati mwamuna wamkulu wa ndevu zake angalire bwanji chifukwa cha njinga ya mufilimu, khalani kaye chete. Mwina mu 2002 munali musanabadwe, kapena munali m'tauni mukudya buledi. Ine The Boy Who Harnessed the Wind ndinaionera pafoni ya mnzanga itangotuluka mu 2019, ndipo pamalo omwewo pamene amuna anu anadzuka n'kutuluka, pamene bambo wa William Kamkwamba akupereka njinga yake kuti mwanayo aidule apangire makina a mphepo, ndi pamene inenso ndinabweza foni kwa mwini wake n'kunena kuti ndikukagula ma units. Mathero ake ndinadzaonera patapita nthawi, ndili ndekha, chitseko chokhoma.

Poyambirira tonse timaseka, sindikana. Chichewa cha Chiwetel Ejiofor, amene akusewera ngati Trywell bambo wa William, ndi chomvetsa chisoni, munthu wobadwira ku London ukamuyembekezera chiyani, ndipo mnyamata amene akusewera ngati William uja, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya. Makutu amapumako akayankhula Mmalawi mnzathu Lily Banda. Koma pofika pamene banja lija layamba kudya kamodzi patsiku, m'chipinda muja munalibenso woseka. Anaijambulira ku Kasungu komweko, fumbi ndi lomwe lija, nkhokwe zopanda kanthu ndi zomwe zija, gule ndi yemwe uja. Ndipo chimene anakhoza kwambiri n'choti Trywell sanamupange kukhala mngelo ayi. Ndi bambo wouma mutu, wokalipa, woti mwana akamuuza za mphepo ndi magetsi iye akuti tenga khasu. Abambo athu anali otero. Sankatiuza kuti amatikonda, akanayambira pati. Ndiye munthu wotereyo akagonja n'kupereka njinga, iwe amene unaleredwa ndi munthu ngati yemweyo umadziwa kuti wapereka chiyani. Njinga kumudzi ndi imene imapita kuchigayo, ndi imene imanyamula feteleza, ndi imene imathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala usiku. Bambo wopanda njinga ngakhale pabwalo la milandu mawu ake amachepa.

Ababa anali ndi njinga ya Humber yakuda, anagula ndi ndalama za fodya ine ndisanayambe sukulu. Kwathu ndi chakumpoto kwa Dowa, Kasungu sitimutalikira. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi ankaitembenuza miyendo m'mwamba n'kumapukuta masipoko limodzilimodzi, ndipo mwana ukangoliza belu lake popanda chilolezo unkaona zakuda. Januwale wa 2002 ndimayenera kuyamba Fomu 2. Nthawi imeneyo chaka cha sukulu chinkayamba Januwale, pakati penipeni pa njala. Chimanga chathu chinali chitatha kalekale chifukwa mvula ya chaka chapitacho inachuluka n'kumiza minda. Pamsika wa boma kilogalamu inali itakwera kufika K17, komanso ukapita umapeza mzere wa anthu ogona pomwepo, chimangacho osaoneka. Kwa mavenda mtengo unali wowirikiza. Anthu ankagula ufa wa m'timapepala tating'ono tija ankati walkman, ena gaga, gaga weniweni wa nkhumba, ena akukumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Mbuzi zinali zitapita kale pamtengo wa nkhuku. Chotsala pakhomo chinali njinga ndi malata a padenga.

Bambo aakulu, achimwene awo a ababa a bere limodzi, iwo anali ndi chimanga. Anagula chambiri chotchipa nthawi yokolola n'kuchitsekera m'chipinda, ankadziwa chimene akuchita. Ababa anandiuza kuti tiye undiperekeze. Sanaikwere njingayo tsiku limenelo, anangoikankha ulendo wonse, ine pambuyo. Titafika anavula chipewa n'kukhala pansi pakhonde, munthu wa ana asanu, n'kunena kuti achimwene, mwanayu akufunika fizi ndipo kunyumba moto sunayake. Bambo aakulu anaizungulira njinga ija, kukanikiza matayala, kugwedeza chishalo, akuti yakalamba iyi, tcheni chake n'chotha. Chotha! Tcheni chimene ababa ankachithira oilo sabata iliyonse. Anapereka ndalama zongokwana teremu imodzi ndi ndowa ziwiri za chimanga. Ndipo poyeza ndowazo, abale, ndimaona ndi maso angawa, anadzaza kenako n'kusesa pamwamba ndi dzanja kuti pasakhale kamulu, maso a chimanga ogwera pansi n'kuuza mwana wawo kuti atole abwezere m'thumba. Ababa anathokoza. Anaomba m'manja n'kuthokoza. Pobwerera anasenza thumba pamutu ngati mzimayi, anthu akuwaona, ndipo sanayankhule kanthu mpaka kunyumba.

Kuyambira pamenepo ankadzuka nkhuku zisanalire kupita kukasaka ganyu ku esiteti, wapansi, mtunda umene kale ankapalasa. Akabwera madzulo amayi akawaikira kansima kawo ankati apatseni anawa, ine ndadya konko, abwana anatiphikira. Tsiku ndi tsiku abwana anatiphikira. Ife ana tinkakondwa, nthongo yowonjezera. Amayi okha ndi amene ankangowayang'ana osanena kanthu. Ndinadzamva patapita zaka kwa bambo wina amene ankalima nawo ganyuyo kuti kunalibe chophika chilichonse, malipiro anali kambale ka gaga, ndipo ababa kawo ankakamanga pansalu kubwera nako kwa ife, iwo n'kumatafuna misinde ya chimanga m'njira. Miyendo inayamba kutupa. Ukadina ndi chala pamwendo pankatsala dzenje osabwerera. Ankati ndi kuyenda.

Usiku umene sindiufuna kuukumbuka unali wa mu Febuluwale, mvula ikugwa. Chaka chimenecho kolera inavutanso kwambiri. Anayamba kutsegula m'mimba chakumadzulo, pofika pakati pa usiku anali akusanza, maso atalowa m'kati, mawu atasasa moti umachita kuika khutu pakamwa. Amayi anati thamanga kwa bambo ako aakulu ukabwereke njinga. Ndinathamanga mumdima, matope mpaka m'mawondo, ndinagogoda pawindo. Sanatsegule n'komwe chitseko. Anayankhira m'kati kuti ndani, ndinati ndine, ababa adwalika, tikufuna njinga tiwatengere kuchipatala. Kunali zii. Kenako anati matenda ake otani. Nditanena kuti akutsegula ndi kusanza, anati ndiye mukufuna mundipakire matendawo pachishalo? Njinga imeneyi ndinagula, sindinabwereke. Ndinagwada m'matope muja pansi pa windo, ndikulira, ndikuti bambo chonde ndidzaitsuka ndekha, ndidzakulimirani munda wonse. Ndinamva amayi aakulu akunong'ona kuti apatseni mwanayo, iwo n'kuwakalipira kuti gona iwe. Njingayo ndinkaiona, inali yotsamira kukhoma m'kati, nyali ya koloboyi ikuwala pabelu.

Ngolo m'mudzi inalipo koma ng'ombe zake anali atagulitsa. Tinazula chitseko cha nyumba yathu n'kuwagoneka pamenepo, ine, amayi, ndi anyamata awiri oyandikana nafe amene nawonso anali asanadye. Anthu anjala kunyamula munthu wanjala. Timayenda pang'ono n'kutula, kuyenda pang'ono n'kutula. Pakamtsinje madzi anali atadzaza, tinawoloka chitseko chili pamapewa, amayi akupemphera mokweza. Titatula kutsidya anandikodola, ndinawerama, ndimaganiza kuti akufuna madzi. Anati risiti ya sukulu ija uli nayo? Ndinati eya. Anati uisunge, angadzakunamize kuti sunalipire. Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo, za risiti. Tinafika pachipatala kukucha, anawaika diripi, koma namwino anangotiyang'ana n'kunena kuti mwachedwa nawo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita. Panjinga ulendo umenewo sukanatitengera usiku wonse, ndipo wina asandiuze kuti inali nthawi yawo, mawu amenewo ndinawamva okwanira.

Maliro a kolera mukuwadziwa, sasambitsa, sagoneka m'nyumba, amakulunga mupulasitiki, kuthira mankhwala, kuika tsiku lomwelo. Bambo aakulu anabwera pamaliropo atakwera njinga yomweyo. Anaiimika pansi pa mtengo wa mango pamene ababa ankaiimika. Ndipo ndi iwo amene anayankhula m'malo mwa banja, ati chibale ndi fupa sichiola, ana awa ndi anga tsopano. Mxii. Pasanathe miyezi iwiri anabwera ndi anyamata kudzakhomola malata ati ndi a m'bale wawo, n'kuuza amayi kuti poti anali pachitengwa ndipo mwini wawo wapita, azibwerera kwawo. Lamulo loletsa kulanda katundu wa amasiye lija la 2011 linatipeza titabalalika kale. Boma nalonso linadzalengeza kuti m'dziko muli tsoka la njala kumapeto kwa Febuluwale, a Muluzi atakhala akukana, ife titaika kale. Chimanga cha m'nkhokwe za dziko anali atagulitsa, mukukumbuka nkhani yake. N'chifukwa chake pamene mfumu ija mufilimu ikumenyedwa chifukwa chonena zoona pamsonkhano wa pulezidenti, ine sindinaone ngati sewero.

Tsono chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Teremu yachiwiri ndinathamangitsidwa ndithu. Ahedi anaitana mayina pa asembule, langa linali pomwepo. Njinga ya ababa, miyendo yawo, moyo wawo, zonsezo zinagula teremu imodzi. JCE ndinadzalemba patapita zaka, amalume atanditola. William Kamkwamba naye anachotsedwa sukulu chifukwa cha fizi chaka chomwecho, koma iye njinga ya bambo ake inasanduka makina a mphepo, dziko lonse linamumva, mu 2007 anakayankhula pamsonkhano ku Arusha ku Tanzania, kenako anakaphunzira mpaka ku Dartmouth ku America. Ndimamunyadira, Mulungu amudalitse. Koma m'midzi ya Kasungu, Dowa, Ntchisi, Mchinji, njinga zinagulitsidwa zambirimbiri chaka chimenecho ndipo sizinapukuse kanthu kalikonse. Zinangodyedwa. Mufilimu muja madzi akutuluka, bambo akuyang'ana mwana wake, akuona ndi maso ake kuti sanataye pachabe. Athu sanaone. Ndiye munthu ukamaonera umakhala ukuwaonera bambo ako mathero amene sanawapeze, ndipo pakhosi pamatseka. Amuna anuwo sindikuwadziwa, koma ngati ali ndi zaka za m'ma 35 kupita m'tsogolo ndipo anakulira kumudzi, pali chinthu chimene chinagulitsidwa kwawo. Wailesi, ng'ombe, makina osokera, jekete la ukwati. Akudziwa amene anagula ndi mtengo wake.

Langizo langa, asiyeni, musawakumbe. Aphikireni tiyi basi. Komabe tsiku lina muli awiri mudzawafunse za bambo awo, osati za filimu, chifukwa ife amuna tikapanda kufunsidwa timafa nazo, ine mkazi wanga nkhani ya pawindo ija anaimva tili kale ndi ana awiri. Ngati apongozi anu aamuna ali moyo, auzeni amuna anu awaimbire, awatumizire kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money osadikira kuti apemphe, chifukwa sadzapempha, adzati tili bwino kuno. Anawo muwaonetse filimuyo, adziwe. Ngakhale anga nditawaonetsa analira galu uja Khamba yekha, za njinga sanazimve n'komwe.

Ndipo abambo anzanga muli muno, musamachite zimene anachita ababa. Idyani. Kunama kuti ndadya konko si chikondi, mwana amafuna bambo wamoyo kuposa teremu imodzi, ine ndikanasankha kukhala mbuli iwo alipo. Chimene chimakudyetsani musagulitse, zivute zitani. Lembani wilo ngakhale muli ndi mbuzi ziwiri, ndipo mkazi adziwe pamene pali mapepala. Inde, amene mumandidziwa munena kuti nanga iwe njinga yamoto ya kabaza ija inapita kuti chaka chatha mwana wako atasankhidwa ku koleji. Inapita, ndipo ikanakhalapo ina ikanapitanso. Zimenezo ndi zina. Koma sindinagulitse kwa m'bale, ndinagulitsa kwa munthu wosamudziwa pamtengo wake, ndipo inunso zikakuthinani pitani nayo kumsika, m'bale amakugula ndi ulemu wako womwe.

Za kukhululuka abusa anandiuza, ndipo inenso ndimauza ena kuti khululukani, mtima umapepuka. Bambo aakulu anamwalira, pamaliro awo ndinatumiza ya bokosi koma sindinapite. Mwana wawo uja ankatola chimanga pansi ali mugulu lino, ndikudziwa akuwerenga. Asandiimbire, ndipo asabwere ku inbox kudzandiuza kuti akuluakulu anali ndi zifukwa zawo.