Chifukwa chake mtima umasokonekera magazi akangobwerera

Pepani achemwali ndi matendawa. Mwafunsa kuti bwanji mtima wa bambo anu unayamba kugunda mosalongosoka madokotala atangotsegula mtsempha womwe unatsekeka, pomwe inu mumati basi vuto latha. Zimachitikadi, ndipo gwero lake lalikulu lili mu mitochondria.

Amenewa ndi tizigawo ta m'kati mwa selo topanga ATP, mafuta omwe mtima umayendera, ndipo timadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo la mtima. Magazi akaima, okosijeni amasowa, ATP imachepa, asidi amachuluka, selo limadzaza mchere wa sodium kenako wa calcium. Timabowo ta potassium totchedwa K-ATP timatseguka, magetsi a selolo, omwe amayendetsa kugunda kwa mtima, n'kufooka.

Nkhani yagona pa kubwerera kwa magaziko. Nthawi yonse imene anaima, m'maselo mumaunjikana succinate, chimodzi mwa zinthu zomwe mitochondria amawotcha popanga ATP. Kafukufuku wa ku Cambridge wa 2014 anaonetsa kuti okosijeni akafika mwadzidzidzi, mitochondria amawotcha succinate uja mwaphuma n'kutulutsa ROS, tinthu towononga selo. M'mphindi zoyambirira zomwezo bowo la pa khungu la mitochondria lotchedwa mPTP limatseguka, mitochondria ambiri n'kugwa mphwayi. Choipa n'chakuti sagwa onse pamodzi: mbali ina ya mtima yadzuka, ina ili chigonere. Magetsi akafika pogonapo amakhota, n'kuyamba kuzungulirazungulira pamalo amodzi. Zikafika poipa mtima umangonjenjemera osapopa magazi, ndiyo ventricular fibrillation, yofuna makina a shoko nthawi yomweyo. Calcium wochulukayo nayenso amachititsa kuti maselo azigunda nthawi isanakwane.

Komabe musade nkhawa kwambiri. Kagundidwe komwe kamaoneka kawirikawiri pa nthawiyi ndi AIVR, koyambira m'zipinda za m'munsi za mtima koma kosathamanga kwambiri, ndipo nthawi zambiri kamatha kokha.

Zoteteza mitochondria anthu aziyesa. Mu 1986 akatswiri ofufuza Murry, Jennings ndi Reimer anapeza pa agalu kuti kutseka magazi kwa mphindi zochepa kangapo kumakonzekeretsa mtima kupirira magazi akadzaima nthawi yaitali. Mankhwala a cyclosporine, omwe amaletsa mPTP kutseguka, ankaoneka odalirika, koma kafukufuku wamkulu wa CIRCUS mu 2015 sanapeze phindu kwa odwala. Kwa ine, aliyense wotsatsa mapilitsi "olimbitsa mitochondria" muyambe mwamukayikira.

Madokotala sanalakwe potsegula mtsemphawo msanga, chifukwa kuchedwa kumapha mnofu wa mtima. Afunseni mtundu wa kagundidwe komwe anaona pa ECG (makina oyeza magetsi a mtima), mlingo wa potassium ndi magnesium m'magazi, komanso zomwe echo (sikani ya mtima) yaonetsa pa mphamvu ya mtima popopa.