Kodi mafumu a Agoti anachokera ku Scandinavia?

Achimwene, mwafunsa ngati Theodoric ndi Alaric, mafumu a Agoti (mtundu wakale wa anthu a ku Ulaya), anabadwira ku Scandinavia. Ayi ndithu. Nkhani yoti Agoti anachokera ku Scandza, kutanthauza Scandinavia, anailemba wolemba mbiri wina dzina lake Jordanes cha m'ma 551, potsamira pa mbiri yolembedwa ndi Cassiodorus, nduna ya Theodoric yemweyo. Munthu wodya m'mbale ya mfumu sangalephere kukometsa mndandanda wa makolo a mfumuyo, n'chifukwa chake mibadwo 17 imene Cassiodorus anatchula ya banja la Amal, banja lachifumu la Theodoric, ine ndimaikayikira kwambiri.

Theodoric anabadwira ku Pannonia, dera la cha ku Hungary ndi Austria masiku ano, cha m'ma 454, bambo ake anali Theodemir. Ali kamnyamata anamutumiza ku Constantinople, likulu la ufumu wa Aroma wa kum'mawa, ngati chikole, ndipo anakhalako zaka pafupifupi 10, n'kukulira pakati pa Aroma. Alaric, amene anafunkha Rome mu 410, anabadwira kufupi ndi mtsinje wa Danube, ndipo mu 394 ankamenya nkhondo kumbali ya mfumu ya Aroma Theodosius.