Chonde musawakweche ndi bulashi ya waya

Achemwali, mwafunsa ngati gulu lanu la kutchalitchi ku Gloucestershire, chigawo cha ku England, lingakweche manda akale a miyala ndi bulashi ya waya n'kumata ming'alu ndi simenti. Mtima wanu ndi wabwino, koma chonde musatero.

Ku England manda ambiri ooneka ngati bokosi lalikulu la mwala ali pa mndandanda wa zinthu zotetezedwa umene bungwe losamalira malo akale la Historic England limasunga, ambiri mwa iwo pa gawo la chitetezo lotchedwa Grade II. Komanso pabwalo la tchalitchi cha Church of England ntchito yotere siichitika popanda chilolezo cha dayosizi chotchedwa faculty. Yambani mwakambirana ndi ansembe anu.

Mukapeza mpata, kaoneni manda a ku Painswick, tawuni ya ku Gloucestershire komweko, a amalonda a nsalu zaubweya a m'ma 1600 ndi 1700. Mwala wake ndi wa laimu, wofewa ndithu. Zilembo zimene zapirira mvula zaka 300, waya amazifufuta tsiku limodzi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Ndere zotuwa ndi zachikasu zomera pamiyalapo zisiyeni.

Ming'alu kawirikawiri imayambira m'kati. Tizitsulo timene amisiri ankalumikizira miyala timachita dzimbiri, timatupa, n'kuswa mwalawo. Simenti nayo imatsekera chinyezi, ndiye madzi akaundana m'nyengo yozizira mwala umagamphuka. Akatswiri amaikamo tizitsulo tosachita dzimbiri n'kumata ndi laimu.

Pakadali pano jambulani zithunzi, lembani mawu onse owerengeka, ndipo musalole ana kukwera pamanda opendekeka.