Za alamu anu aku Alexandria aja, phuma limenelo musalione ngati khalidwe chabe

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri ndipo ndati ndisangodutsa, chifukwa ine ndinakhalako ku Cairo, ndinapita mu 2018 kukaphunzira zachipatala ndipo mliri wa Covid unandipezera konko. Kwa amene simunaone, iwowa akuti mng'ono wawo anakwatiwa ku Alexandria, ku Egypt komweko, nde mwamuna wake chidwalireni Covid anasinthiratu, lero wagula foni yodula pangongole, mawa wasiya ntchito atangosemphana pang'ono ndi bwana, usiku tulo osabwera, kenako masiku atatu chidzitsekereni kuchipinda osayankhula ndi munthu. Achibale ena akuti ndi mtima wapachala basi, ena akuti ziwanda. Akufunsa ngati zonsezi ndi vuto limodzi kapena ayi.

Zimayendera limodzi asisi, ndipo chimene chikundidetsa nkhawa pa zonse mwatchulazo ndi phumalo, ngakhale anthu ambiri amaliona ngati kanthu kakang'ono.

Muyambe mwamvetsa kaye kuti anthu aja mliri unawalanda chani. Munthu woyamba kupezeka ndi Covid mu Africa muno anapezeka ku Egypt pa 14 February 2020. Pofika mu March masukulu anatseka, ndege zinaima, mizikiti ndi matchalitchi anatseka, kenako pa 25 March anaika lamulo loti 7 koloko madzulo aliyense akhale ali mnyumba mpaka 6 mmawa. Kwathu kuno mutha kunena kuti aaa 7 koloko ndi nthawi yansima kale, koma Cairo ndi Alexandria moyo umayamba dzuwa likalowa. Mwamuna wa ku Egypt akaweruka amapita ku ahwa, timalo tomwera tiyi ndi khofi timene tili pakona paliponse, amakhala pamenepo ndi anzake kumenya domino, kusuta shisha, kuonera mpira wa Ahly ndi Zamalek, kudandaula za mitengo mpaka pakati pausiku. Pamenepo ndi pamene amatulira zamumtima olo sanena kuti ndikutula. Zonsezo zinatsekedwa, anthu nkudzadzana mtimafuleti ting'onoting'ono, ana, agogo, aliyense. Ramadan ya chaka chimenecho kunalibe mapemphero ausiku kumzikiti, kunalibenso matebulo aja amayala mmisewu kuti osauka adzadye ulere pomasula. Ndipo maliro, eee. Mu April 2020 anthu a mudzi wina ku Daqahliya anakana kuti dokotala wachizimayi amene anamwalira ndi Covid aikidwe kumanda kwawo mpaka apolisi anachita kulowererapo, Ahmed el-Tayeb, Sheikh wamkulu wa Al-Azhar, likulu la maphunziro a Chisilamu ku Cairo, anadzudzula poyera. Boma linalengeza imfa zopitirira 24,000 koma WHO powerengera imfa zimene zinaonjezereka poyerekeza ndi zaka zina inapeza kuti zenizeni ndi kangapo kuposa pamenepo. Nde mabanja ambiri anaika maliro mwakachetechete, osakhala pansi nkulira bwinobwino.

Ndikuuzeni za aneba anga ena, tinkakhala khomo loyang'anizana ku Nasr City mu Cairo. Bambo aja ankayendetsa minibasi yonyamula alendo kupita ku ma pyramid ku Giza, munthu wansangala, akandiona pamasitepe ankangondikokera mnyumba kuti ndimwe tiyi. Alendo atasiya kubwera ntchito inatha, pajatu ndalama za ntchito zokopa alendo zinatsika kuchoka pa madola pafupifupi 13 biliyoni mu 2019 kufika cha ku 4 biliyoni mu 2020, ndipo thandizo la boma kwa anthu amaganyu linali mapaundi a ku Egypt 500 pamwezi. Ine ndikamawerenga usiku ndinkawaona pakakhonde kawo kammwamba cha m'ma 3 koloko, ndudu ina ikutha ina akuyatsira pomwepo, mwendo ukungogwedera. Tsiku lina mmawa ndinamva mayi akulira, bambo anatenga zibangili zagolide zimene anawapatsa pachinkhoswe, kumeneko amati shabka ndipo kwa mkazi ndiyo banki yake, anakagulitsa nkugula tuk-tuk yakale kwa munthu amene anangokumana naye dzulo lake. Sanafunse munthu, sanayang'ane olo injini. Inayenda masabata awiri basi. Madzulo ake ndinawapeza atakhala pamasitepe, tiyi wazizira m'kagalasi, anangogwira pakhosi nkunena mawu amodzi, makhnou', kutanthauza kuti ndabanika, chinthu chandigwira pakhosi. Anati mwana wanga, ndimadziwa ndithu kuti ndikulakwitsa, koma ndikanangokhala pampando paja tsiku linanso ndikanaphulika.

Mawu amenewo ndi amene anandiphunzitsa kuposa mabuku. Akatswiri a zamaganizo ali ndi dzina lake, amati negative urgency, ndekuti munthu akapanikizika mumtima amachita chinthu pompopompo kuti ululu uja uchepe, olo akudziwa kuti mawa alira nacho. Nkhawa imamuika munthu chilili, mtima kuthamanga, maganizo kuzungulira pamodzimodzi ngati chigayo, tulo kuthawa. Tsono mbali ya ubongo ya kutsogolo kuno pamphumi, imene imagwira ntchito ngati mabuleki, imene imakuuza kuti dikira kaye taganiza, imafooka kwambiri munthu akakhala sakugona komanso ali ndi sitiresi ya miyezimiyezi, pomwe mbali yochenjeza za zoopsa ija ikungolira ngati alamu yagalimoto. Dipuleshoni nayo imabwera nkumuuza kuti mawa kulibe chabwino, nde ngati mawa kulibe usungiranji ndalama, upiririrenji bwana? Akapupuluma nkuononga, manyazi ndi ngongole zimamubwezera pansi kuposa poyamba, ndi masiku atatu akuchipinda aja mukunenawo. Akatulukamo nkhawa yakula, phuma lina layandikira. Zimangozungulira choncho, china kudyetsa chinzake.

Anthu ofufuza akafuna kuyeza zimenezi amagwiritsa ntchito mafunso, pali Barratt Impulsiveness Scale ya mafunso 30 yoyeza phuma, imaona zinthu zitatu, kulephera kuika maganizo pachinthu chimodzi, kuchita usanaganize, ndi kusakonzekera zamawa. Palinso PHQ-9 ya dipuleshoni ndi GAD-7 ya nkhawa, zonsezi zilipo m'Chiarabu. Kawirikawiri amene wakwera pa imodzi amapezeka wakweranso pa zinazo. Koma apa ndinene chilungamo, kafukufuku wambiri wa nthawi ya mliri anali wongotumiza mafunso pa intaneti kamodzi basi, oyankha ambiri achinyamata ophunzira okhala mtauni, nde amatiuza kuti zinthuzi zimapezeka pamodzi koma sanena kuti chinayamba ndi chiti. Wina anabadwa waphuma ndipo phumalo ndi limene linamugwetsera mmavuto, wina anali wodekha moyo wake wonse nkhawa ndiyo inamudyera mabuleki. Mmene mwafotokozera kuti alamu anu kale sanali choncho, ine ndikutsamira kwachiwiriku. WHO inanena mu March 2022 kuti chaka choyamba cha mliri nkhawa ndi dipuleshoni zinakwera ndi 25 peresenti dziko lonse lapansi, komanso amene anadwala Covid yeniyeniyo ambiri anatsala ndi kusagona, kutopa ndi kuiwalaiwala kwa miyezi.

Chinanso, anthu amati mliri unatha bwanji sakuchira. Ku Egypt mliri utangopepuka ndalama yawo inagwa. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inali mapaundi osakwana 16, January 2023 inafika cha ku 30, March 2024 cha ku 50. Kukwera mitengo kunafika 38 peresenti mu September 2023, mpaka buledi wa boma amene anakhala pa 5 piasters (ali ngati matambala athu) zaka zoposa 30 anamukweza kufika 20 mu June 2024. Ife a kwacha izi sitichita kufotokozeredwa. Munthu sanapume, anachoka pa mantha a matenda nkugwera pa mantha a lendi ndi fizi, ndipo pafoni pomwepo pali ma app ogulira zinthu pangongole ndi obetchera mpira, kungodina kawiri zatheka. Kale kuti uononge ndalama unkayenera kuvala nsapato kaye nkuyenda, panjira mtima nkutsika.

Vuto lake mwamuna wa kumeneko sangakuuzeni kuti ndili ndi iktiab, ndilo dzina la dipuleshoni m'Chiarabu. Anena kuti mutu, msana, pachifuwa pakundithina, ndatopa, kenako alhamdulillah nkhani yatha. Dokotala wawo wotchuka wa zamaganizo Ahmed Okasha wa ku yunivesite ya Ain Shams analemba kwambiri za zimenezi, zoti odwala ambiri kumeneko ululu wamumtima amaufotokoza ngati ululu wathupi. Ndipo mukatchula Abbasiya, chipatala chachikulu cha amisala ku Cairo, zili ngati mmene ife timanenera kuti akutengera ku Zomba, ndi chipongwe. Nde mng'ono wanu asayambe ndi mawu oti ukudwala mutu, ayambe ndi tulo. Anene kuti bambo simukugona, mwaonda, tiyeni akakuoneni dokotala, akayeze BP, shuga ndi chithokomiro, pajatu chithokomiro chikamagwira ntchito mopyola chimabweretsanso mtima wothamanga ndi ukali. Khomo limenelo mwamuna amalowa mosachita manyazi. Za kwa sheikh kapena kwa abusa asalimbane nazo, apite akapemphereredwe ndithu ngati zimawapatsa mtendere, bola kuchipatala apitenso. Apeze munthu mmodzi amene alamuwo amamumvera, mkulu wawo kapena amalume, chifukwa mkazi wachilendo kunena yekha zimenezi kuchimuna amangomuona ngati akunyoza mwana wawo.

Akakafika kwa dokotala, mng'ono wanu akanene zonse, makamaka izi. Kodi pamakhala masiku amene alamu amagona maola awiri okha koma nkudzuka ndi mphamvu, kuyankhula mothamanga, mapulani akuluakulu, kudzimva ngati palibe chowakanika? Ngati zili choncho itha kukhala bipolar, matenda amene munthu nthawi ina amakwera mopyola, nthawi ina nkugwera pansi, ndipo munthu wa bipolar akapatsidwa mankhwala a dipuleshoni okhaokha zinthu zimatha kuipiraipira. Ndikunena izi chifukwa kumeneko kufamase amakupatsa mankhwala ambiri popanda kalata ya dokotala, munthu amangoti sindikugona nkutuluka ndi mapiritsi. Chonde asatero. Afufuzenso mwanzeru za tramadol ndi chamba, tramadol ndi vuto lalikulu ku Egypt makamaka kwa madalaivala ndi ogwira ntchito zolemetsa, ndipo imaonjezera phuma ndi ukali. Mankhwala oyenera akayamba amatenga masabata angapo kuti agwire, anthu ambiri amasiya sabata yachiwiri ati sakugwira, ndipo masabata oyambawo ndi ofunika kumuyang'anira munthu pafupi. Uphungu wokambirana umathandizanso kwambiri, amamuphunzitsa kuzindikira pamene chinthu chija chayamba kukwera pakhosi asanachite kanthu.

Pali manambala a boma aulere kapena otsika mtengo, 16328 ndi ya nthambi ya zaumoyo wamaganizo, 16023 ndi ya za mankhwala ozunguza bongo. Ku Alexandria komweko kuli chipatala cha Maamoura komanso madokotala a payunivesite.

Kunyumba chimene chimagwira ntchito ndi kuika nthawi pakati pa maganizo ndi dzanja. Agwirizane tsiku limene bambo ali bwino, osati pakati pamkangano, kuti chinthu chilichonse chodula chigone kaye usiku umodzi, khadi yakubanki ikhale ndi malire, ma app angongole achotsedwe, golide ndi mapasipoti zikasungidwe kwa munthu wodalirika. Aneba anga aja mkazi wawo anawalowetsa mu gam'iyya, chipereganyu chawo, ndalama ikangolowa imatuluka kupita kwa wosunga isanatenthe mthumba. Mchimwene wawo ankabwera madzulo alionse kuwatenga kukayenda wapansi, poyamba ankachita kuwakoka. Anapitanso kwa dokotala patapita miyezi yokanakana. Pamene ndinkachoka mu 2023 anali akuyendetsa galimoto ya munthu wina, ngongole ikadalipo, zibangili sizinabwerere, koma nyali yapakhonde ija 3 koloko inkakhala yozima.

Tsono ichi ndi chimene ndalembera zonsezi. Dipuleshoni payokha ndi yoopsa, koma ikakumana ndi phuma ndi pamene timataya anthu, chifukwa maganizo ofuna kudzipha nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi kochepa nkudutsa, wodekha amapulumuka, waphuma sadikira. Kwathu kunonso mukuona mmene abambo akudzipherera chifukwa cha ngongole. Ngati alamu anayamba anenapo zoti bola kufa, kapena ndine mtolo kwa inu, kapena ayamba kugawa zinthu zawo, mng'ono wanu asaope kufunsa mwachindunji kuti kodi mukuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizowo, kumamupepuza. Achotse mnyumba mapiritsi ochuluka ndi mankhwala ophera tizilombo, asawasiye okha, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndipo asisi mufunseni mng'ono wanu payekha, pafoni bambo kulibe, ngati anayamba amenyedwapo kapena kuopsezedwa. Kudwala kwa mwamuna sikumupatsa chilolezo chomenya munthu, ndipo iye ali kutali ndi kwawo, mwina Chiarabu sanachigwire bwino. Asunge nambala 15115 ya National Council for Women, bungwe la boma la Egypt loona za amayi, adziwenso kumene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi ku Cairo, pasipoti yake ndi za ana zikhale poti iye yekha atha kuzitenga. Inuyo muzimuimbira pafupipafupi olo mphindi zisanu, wosamalira wodwala chotere amatopa mwakachetechete. Mukayankhula naye lero mufunse kaye kuti bambowo usiku wathawu agona maola angati, mudzandiuze ku inbox.